Wamwa mapiritsi a khunyu ochuluka: tulo take si ta mowa

FUNSO: A dokotala, ndine mayi wa ku Mchini kuno ku Chipata. Ndimasunga mlongo wanga wa zaka 24 amene amadwala khunyu kuyambira ali mwana, ndipo amamwa carbamazepine. Mwezi watha anagwa kawiri m'sabata imodzi, kachiwiriko pamsika anthu akuona. Madzulo ake anamwa mapiritsi onse amene anatsala m'kathumba, akuti matendawo atheretu. Ife sitinadziwe. Tinangomuona akuyenda dzandidzandi, aneba n'kumati waledzera, ndiye tinamugoneka. Pakati pausiku anayamba kuliza mkonono wachilendo, kumudzutsa osadzuka. Kuchipatala anamulowetsa kapaipi m'mphuno n'kumathiramo mankhwala akuda bii. Mawa lake anatsitsimuka n'kulankhula nafe, koma madzulo anakomokanso. Anatuluka patapita masiku asanu. Agogo akuti mankhwala akudawo ndiwo anamukomolanso, tikanangomupatsa mkaka akanasanza zonse. Zoona n'ziti? Zitachitikanso tingadziwe bwanji? Nanga mapiritsiwa apitirize kumwa?

YANKHO: Amayi, pepani ndi usiku umene munauona uja. Ndiyambe ndi mawu a agogo, chifukwa akapanda kuwongoledwa angadzapweteketse munthu tsiku lina. Agogo alankhula mwachikondi, koma apa sanalase. Mankhwala akuda aja sanamukomole mlongo wanu. Chimene chinamubweza m'tulo ndi mapiritsi ake omwe aja, amene anali akadali m'mimba kusungunuka pang'onopang'ono. Ndipo mukanamumwetsa mkaka ali chigonere chotero, mwina lero tikanakhala tikukamba nkhani ina.

Carbamazepine ali ndi khalidwe lakelake. Sasungunuka msanga, ndipo akachuluka amaziziritsa matumbo, zonse zimene zili m'mimba n'kungoima. Mapiritsi ambiri omezedwa nthawi imodzi amatha kugwirana n'kupanga chibulu, ngati mibulu ya m'phala losavundula bwino, kunja kofewa koma m'kati ufa wouma. Chibulucho chimanyotsoka mwa apo ndi apo. Mankhwala amene analowa m'magazi poyamba akayamba kuchepa, munthu amatsegula maso, matumbo n'kudzukanso. Matumbo akadzuka amayamwa mankhwala ena atsopano, ndipo amene anapempha madzi m'mawa, madzulo wabwerera m'tulo. Munthu akamwa mlingo wake wa masiku onse, mankhwala amafika pachimake m'magazi patapita maola ochepa. Akamwa ochuluka, pachimakepo pangafike patapita tsiku lathunthu, nthawi zina mpaka masiku atatu. Mapiritsi olembedwa CR kapena Retard pabokosi, amene anapangidwa dala kuti azisungunuka mochedwa, ndiwo amanyenga koposa.

N'chifukwa chake ife ku casualty, kumene timalandirira odwala mwadzidzidzi, sitikondwera msanga wodwala wa carbamazepine akatsegula maso. Abale amayamba kupinda zofunda n'kumafunsa za kutuluka, ife n'kumati dikirani kaye, ena mpaka kuona ngati tikungowasungira munthu wawo pachabe. Ngakhale amene wafika akuyenda yekha, akulankhula bwinobwino, timamuyang'anira maola osachepera asanu ndi limodzi, ndipo ngati anamwa ambiri kapena ndi a CR aja, amagona m'wodi basi. Masiku asanu amene mlongo wanu anagonekedwa sanali ochuluka.

Tsono akuda aja. Ndi makala ndithu, koma si a pambaula. Amakonzedwa kufakitale pa moto waukulu kwambiri mpaka ufa wake udzaze timabowo tosaoneka ndi maso. Mankhwala akakhudzana nawo amakanirira m'timabowomo n'kutulukira limodzi kuchimbudzi, osalowa m'magazi. Chimbudzi chimada kwa masiku angapo, musadabwe nazo. Wamkulu timam'patsa magalamu 50, mwana galamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Pa poizoni wa mitundu yambiri makalawa amathandiza akaperekedwa m'ola loyamba, ndipo amaperekedwa kamodzi kokha. Koma carbamazepine ndi phenobarbitone, mankhwala ena a khunyu, ali m'kagulu kochepa ka mankhwala amene timabwereza makala maola anayi alionse, chifukwa ena amakhala akadali m'matumbo, ndiponso ena amene analowa kale m'magazi amabwerera m'matumbo, makala n'kuwagwira komweko asanayamwidwenso. Asanabwereze, timayamba tamvetsera pamimba ngati matumbo akulira. Akakhala zii, makala amaimitsidwa, kuopa kutseka matumbo. Ndipo munthu wokomoka kwambiri timayamba tateteza njira yake ya mpweya makala asanalowe. Makala a pambaula osinja mumtondo alibe mphamvu imeneyi. Amangowonjezera zoti munthu atsamwe nazo.

Kutsamwako ndiko kumandichititsa kukana mkaka, saladi, mazira aawisi, madzi a mchere, ndi kupisa chala kukhosi. Munthu wamaso akamameza, njira ya kumapapo imatsekeka yokha, ndipo kanthu kakasochera amatsokomola. Mankhwala ogonetsa amafooketsa zonsezi. Chimene mwathira m'kamwa, kapena masanzi amene mwawaputa, amatsikira m'mapapo mwakachetechete, munthu osatsokomola n'komwe. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, mapiritsi atatha mphamvu, timayamba kulimbana ndi chibayo choopsa chimene mapiritsiwo sanabweretse. Mkaka suchotsa mphamvu ya mankhwalawa ngakhale pang'ono. Madzi a mchere wambiri paokha ndi poizoni, makamaka kwa mwana.

Mwina mufunsa kuti nanga jakisoni wopha mphamvu ya mapiritsiwa bwanji? Palibe. Womwa Panado wambiri ali ndi mankhwala ake otetezera chiwindi, womwa mankhwala opopera thonje timamubaya atropine, koma pa mankhwala a khunyu monga carbamazepine, phenobarbitone ndi phenytoin palibe chobaya choti munthu adzuke. Ntchito yonse ndi yosunga munthu akupuma, magazi akuyenda, mpaka chiwindi ndi impso zitamaliza kutulutsa mankhwalawo. Amene wafika kuchipatala akupumabe, m'mapapo muli moyera, nthawi zambiri amachira osatsala ndi chilema chilichonse.

Mwafunsa kuti mungadziwe bwanji. Apa ndichedwapo, chifukwa pamene panatayika nthawi pa mlongo wanu ndi pakati pa madzulo ndi pakati pausiku, ndipo si inu nokha amene zimakuchitikirani. Misampha ndi iwiri. Woyamba ndi umene aneba anagweramo: munthu amaonekadi ngati woledzera. Amazandima, lilime limalemera, amadandaula chizungulire, amaona zinthu ziwiriziwiri, ena amasanza. Wachiwiri ndi wa a m'nyumba: munazolowera kuti akagwa amagona, ndiye tulo tilitonse mumati n'tomwe tija, asiyeni apume.

Pa wodwala khunyu amene akuyenda ngati woledzera, chitani izi. Imani kutsogolo kwake, muuzeni asatembenuze mutu, atsate chala chanu ndi maso okha, kupita kumanja kenako kumanzere. Maso a munthu wabwinobwino amatsata chala mosalala. Amene mankhwala amuchulukira, maso akafika chakumbali amadumphadumpha, kuthawira uko n'kubwerera, kuthawira n'kubwerera, mwini wake osadziwa. Muuzeninso akhudze nsonga ya mphuno yake ndi chala. Amaphonya, chala n'kukagwera patsaya. Mowa nawo umachita zomwezi, choncho nunkhizani mpweya wake. Koma fungo la mowa lisakutsekeni maso, chifukwa ambiri amamezera mapiritsi ndi mowa womwewo, ndipo ziwirizi zikakumana zimagonetsa kuposa chilichonse pachokha.

Kenako thamangirani kukathumba ka mapiritsi. Pakathumba kapena m'buku la ku kiliniki pamalembedwa tsiku limene analandira ndi kuchuluka kwake. Ngati analandira a mwezi wathunthu masiku khumi apitawo koma kathumba kali pululu, yankho mwalipeza, musadikirenso chizindikiro china.

Za tulo, yang'anani kumene tikulowera. Tulo ta pambuyo pa kugwa timapepuka nthawi ikamapita. Pakatha mphindi khumi kapena makumi awiri munthu amayamba kutembenuka, kuyankha ngakhale mosokonezeka, ndipo ola likamakwana ambiri amazindikira amene ali nawo. Tulo ta mankhwala timalowera kwina. Amene cha m'ma 20 koloko anadzuka mutangomutchula dzina, cha m'ma 22 afunika kumugwedeza, pakati pausiku ngakhale kumutsina paphewa amangobuula. Munthu amene mukumukayikira musamugoneke yekha kuchipinda n'kutseka chitseko. Ndipo mkonono umene munaumva uja sunali wa munthu wogona bwino. Lilime linali litagwera kukhosi n'kutseka njira ya mpweya, chifukwa minofu inali italefuka. Werengani kupuma poyang'ana chifuwa kwa mphindi imodzi. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20. Kukatsika pansi pa ka 10, kapena akamapuma n'kuima kaye kanthawi, kapena milomo ndi lilime zikayamba kuda, ndiye kuti zafika poopsa, musachedwenso, thamangani naye kuchipatala.

Carbamazepine ali ndi zizindikiro zina zoonjezera: mboni za maso zimakula, m'kamwa mumauma gwa, mtima umathamanga, mkodzo umakanika kutuluka mpaka chinena kutupa, manja ndi khosi zimatha kupindika kapena kugwedezeka zokha. Izi zimasiyana ndi za mankhwala a thonje kapena a m'dimba, amene amachepetsa mboni kukhala tating'onoting'ono, munthu n'kumatuluka malovu ndi thukuta chuchuchu. Chodabwitsa koposa n'chakuti mankhwala oletsa khunyuwa akachuluka amagwetsa munthu khunyu. Pamenepa abale, poona kuti wagwa, amati mankhwala achepa, n'kumukankhira piritsi lina m'kamwa. Munthu amene akugwa kapena wakomoka asaikidwe kanthu kalikonse m'kamwa, kaya piritsi, kaya supuni.

Popeza owerenga ena ali ndi odwala amene amamwa mitundu ina, ndiitchuleko. Phenobarbitone, timapiritsi ting'onoting'ono toyera ta 30 mg timene anthu ambiri a m'midzi amalandira ku kiliniki, ndi wakale kwambiri, anayamba kugwira ntchito pa khunyu mu 1912, ndipo ndi amene ndimamuopa koposa pa nkhani ya kupuma. Sachita phokoso. Munthu amangomira m'tulo, kupuma kumachepa, BP imatsika, thupi limazizira, ena amatuluka matuza ngati a moto pamalo amene anagonera. Amachedwanso kutuluka m'thupi: kuti theka lake lokha lichoke m'magazi a munthu wamkulu pamatenga pafupifupi masiku anayi, moti wokomoka naye angagone masiku angapo. Kuchepa kwa timapiritsito kumanyenga. Mwana wokwawa akapeza kathumba pansi pa mphasa amatha kumeza tambiri m'kanthawi kochepa, ndipo kwa mwana ngakhale towerengeka n'tokwanira kuti muthamange naye.

Phenytoin wakumwa akachuluka amazandimitsa kwambiri ndi kuvinitsa maso, koma kawirikawiri sapha. Vuto lake n'lakuti chiwindi chimafika pokhuta naye, moti kuwonjezera kapisozi kamodzi kokha patsiku kungakweze mlingo wa m'magazi modabwitsa, ndipo kutsika kwake kumatenga masiku. Ngozi yake yaikulu ndi ya amene amakugwa chifukwa cha kuzandimako, pafupi ndi moto kapena chitsime. Sodium valproate, amene ambiri amamudziwa kuti Epilim, amagonetsanso, koma amawonjezera china: amasokoneza ntchito ya chiwindi mpaka ammonia, chinyalala chimene chiwindi chimayenera kuchotsa, kuchuluka m'magazi, ubongo n'kutupa, nthawi zina patapita masiku awiri kapena atatu. Ameneyu yekha ndiye ali ndi kothandizira kake, mankhwala otchedwa L-carnitine, kumene amapezeka.

Zikachitika, kunyumba ntchito yanu ndi yochepa koma ndi imene imapulumutsa. Mugonekeni chammbali, mwendo wapamwamba wopinda, chibwano chokwezeka pang'ono, kamwa loloza pansi kuti malovu ndi masanzi zizituluka zokha. Mukakweza chibwano mudzamva mkonono uja ukuchepa. Mufunditseni. Tengani timatumba tonse ta mankhwala ta m'nyumbamo, totheratu tomwe, ndi ta anthu ena, pamodzi ndi buku lake la ku kiliniki. Yesani kukumbukira nthawi imene munamuona komaliza ali bwinobwino, chifukwa limenelo ndi funso loyamba limene tidzakufunseni. Ndiyeno nyamukani, ngakhale akulankhula, ngakhale akukana. Osadikira kuti kuche.

Kanyamulidwe nako n'kofunika. Munthu wokomoka akamukhazika panjinga yamoto pakati pa anthu awiri, mutu umagwera pachifuwa, njira ya mpweya n'kupindika, ndipo phokoso la injini silikulolani kumva kuti wasiya kupuma. Galimoto, ngakhale ngolo, momwe angagone chammbali wina atamugwirira mutu, ndi yabwino kuposa. Ngati njinga yamoto ndiyo yokha ilipo, wakumbuyo agwire chibwano cha wodwala mokweza ulendo wonse. Inu a m'tauni Chipata Central Hospital ili pafupi. Amene ali kutali, kaya ku Vubwi, ku Chadiza kapena kumidzi ya ku Lundazi, ayambire pa kiliniki yapafupi, kumene angamuyeze shuga, kumuika diripi ndi kuitana ambulansi yopita ku chipatala cha boma, ku St Francis ku Katete, ku Mwami kapena kwina kulikonse kumene amatumiza odwala awo.

Kuchipatala timayamba ndi mpweya, mafunso pambuyo. Timatsegula njira ya mpweya, kuyamwa malovu ndi makina, kupereka okosijeni, ndipo amene sakupuma mokwanira timamupopera ndi chikwama cha mpweya kapena kumulowetsa paipi kukhosi n'kumulumikiza ku makina. Timabaya chala kuyeza shuga nthawi yomweyo, chifukwa shuga wotsika amakomola munthu mofanana ndendende ndipo amachizika m'mphindi zochepa. Timayeza malungo. Timagwira khosi ngati lauma, timasanthula m'mutu ngati anamenyetsa pogwa. Kathumba kopanda kanthu sikatanthauza kuti munthu alibe malungo a m'bongo kapena meninjaitisi. Kuno kwathu zinthu ziwiri zimatha kukhalira limodzi, ndipo wachipatala amene wamva "wamwa mapiritsi" n'kusiya kufufuza akuika wodwala pangozi. Mayi wa msinkhu wobereka timamuyeza mimba. Timafunsanso za Panado, chifukwa ameneyo tsiku loyamba saonetsa kanthu koma amawononga chiwindi pambuyo pake, ndipo mankhwala ake amagwira bwino akayambidwa m'maola asanu ndi atatu oyamba.

Pa carbamazepine timajambula kagundidwe ka mtima ndi ECG. Mankhwalawa akachuluka amachedwetsa magetsi a mumtima, ndipo mizere ikayamba kutambasuka timapereka sodium bicarbonate kudzera mumtsempha. Wodwala akagwa khunyu timabaya diazepam, maso ali pa kupuma chifukwa nayenso amagonetsa. Phenytoin, amene masiku ena ndiye timathamangira khunyu ikakana kuleka, pano timamupewa, chifukwa amagwira pamalo omwewo pamene carbamazepine wagwira kale ndipo akhoza kuwonjezera vuto la mtima. Jakisoni wa flumazenil, amene amadzutsa womwa diazepam wambiri, kwa wodwala khunyu ndi woopsa, amatha kuyambitsa kugwa kosalekeza. Timayezanso mchere wa m'magazi, popeza carbamazepine amatsitsa mchere wotchedwa sodium, ndipo sodium wotsika payekha amasokoneza mutu ndi kugwetsa munthu. Zotsalazo ndi ntchito ya manja ya anamwino, imene abale saiwerengera: paipi ya mkodzo, kutembenuza wodwala maola awiri alionse, kufunditsa, kuwerenga kupuma usiku wonse.

Kumene kuli makina oyezera mlingo wa mankhwala m'magazi, carbamazepine wa munthu amene akumwa bwino amakhala pakati pa 4 ndi 12 mg pa lita, ndipo akapitirira 40 timayembekezera kukomoka, kugwa ndi vuto la mtima. Zipatala zambiri za m'maboma zilibe makinawa, koma musataye mtima nazo, chifukwa chimene chimatitsogolera ndi mmene wodwala alili. Amene akuipiraipira ngakhale zonsezi zachitika, amene khunyu yake yakana kuleka, mtima ukusokonezeka, kapena matumbo aima moti makala sangaperekedwe, amatumizidwa kumene kuli makina osefa magazi, omwe aja a odwala impso. Makinawa amachotsa bwino phenobarbitone ndi valproate, ndipo amathandizanso pa carbamazepine.

Pali anthu enanso amene mankhwala amawachulukira osamwa dala, ndipo amabwera mwakachetechete, akungoti "masiku ano ndikumva chizungulire." Wina walandira carbamazepine ku kiliniki, mbale wake wa ku Lusaka kapena wa ku Mchinji wamutumizira bokosi la Tegretol, iye n'kumamwa zonse poganiza kuti ndi mitundu iwiri, chonsecho ndi mankhwala amodzi. Wina waiwala masiku atatu n'kumwa a masiku onsewo nthawi imodzi kuti abweze ngongole. Kunyumba kwina amayi apereka, atate osadziwa n'kuperekanso. Koma chimene chimaphonyedwa kwambiri ndi mankhwala a matenda ena. Isoniazid, amene ali m'mankhwala a TB ndiponso amaperekedwa poteteza TB kwa amene ali pa ma ARV, amachedwetsa chiwindi kuphwanya carbamazepine ndi phenytoin. Erythromycin amachita zomwezo pa carbamazepine, fluconazole pa phenytoin ndi carbamazepine yemwe. Valproate akaphatikizidwa ndi phenobarbitone amakweza phenobarbitone. Mlingo wa mapiritsi sunasinthe, koma m'magazi achuluka. Choncho mlongo wanu akapita kukalandira chithandizo cha chifuwa, cha zilonda, cha chilichonse, atchule yekha kuti amamwa carbamazepine asanafunsidwe, ndipo akayamba kuzandima patangopita masiku ochepa atayamba mankhwala atsopano, abwerere tsiku lomwelo.

Funso lanu lomaliza: inde, apitirize, pa mlingo umene anamulembera potuluka. Ndikudziwa kuti m'nyumba muli mantha, ndipo mwina ena akuti mapiritsiwa atayidwe, apite kwa sing'anga. Kusiya mwadzidzidzi ndi ngozi yofanana ndi imene mwapulumukayi, chifukwa kungabweretse kugwa kotsatizana, munthu osatsitsimuka pakati, ndipo kumeneko kumapha. Kugwa kulikonse kopitirira mphindi zisanu ndi kothamanga nako kuchipatala. Mapiritsi ochuluka amene anamwa aja sanasungike m'thupi kuti azimuteteza mwezi uno. Mankhwalawo anatuluka kale m'thupi, ndipo masiku otsatira kuchira ndi amene munthu amakhala pambalambanda ngati mankhwala sanayambidwenso. Akaiwala kumwa, amwe akangokumbukira, pokhapokha ngati nthawi ya mlingo wotsatira yayandikira. Pamenepo angodumpha woiwalikawo. Osaphatikiza iwiri.

Kugwa kawiri m'sabata imodzi kunali ndi chifukwa chake, ndipo chifunika kufufuzidwa m'malo mongomubwezera pa mlingo wakale n'kuiwala. Kodi anadumpha masiku? Ankagona mokwanira? Analawa mowa, anadwala malungo, kapena anayamba mankhwala ena? Mwina mlingo unaikidwa ali mnyamata wa makilogalamu ochepa, iye wakula, mlingo sunasinthe. Mankhwala a khunyu amakwezedwa pang'onopang'ono, kwa masabata, ndi wachipatala, ndipo akakanika amasinthidwa. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse odwala khunyu angathe kuleka kugwa akalandira chithandizo choyenera. Mlongo wanu ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa wachipatala, chifukwa munthu amene wameza kathumba konse ndiye kuti anali atasiya kukhulupirira kuti pali njira ina.

Ndipo apa ndikulankhulani mosabisa, amayi. Mawu akuti "matendawa atheretu" ali ndi matanthauzo awiri. Mwina anaganizadi kuti mapiritsi ambiri achiza msanga. Mwinanso amene anafuna kuti atheretu ndi iye mwini. Mnyamata wa zaka 24 amene wagwa pamsika, mwina atadzikodzera, anthu atamuzungulira koma osamukhudza poopa kuti malovu ake awapatsira, chonsecho khunyu sapatsirana, amabwerera kunyumba ndi katundu wolemera kuposa matendawo. Matenda a maganizo ofooketsa amapezeka kwambiri mwa odwala khunyu kuposa mwa anthu ena, ndipo amachizika. Mupezeni muli awiri, osati pabwalo la abale, mumufunse molunjika kuti, "Achimwene, tsiku lija munafuna kufa?" Funso limeneli siliika maganizo oipa mwa munthu, ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa. Akayankha musamukalipire, musamuwerengere ndalama zimene munawononga kuchipatala, musamulalikire. Kaya avomere kaya akane, pa tsiku lokaonedwanso pemphani kuti aonane ndi a gawo la matenda a maganizo, ndipo akanenanso za kufa musadikire tsikulo. Palinso nambala yaulere ya Lifeline, 933, imene angaimbe iye kapena inu. Miyezi yoyambirira pambuyo pa zoterezi ndi imene munthu amatha kubwereza.

Pa chifukwa chimenechi, kwa miyezi ikubwerayi mapiritsi asunge ndinu, m'bokosi lokhoma, kiyi ili kwa inu. Muzimupatsa a tsiku limodzi, zinthu zikakhazikika a sabata, ndipo mumuuze chifukwa chake kuti asaone ngati chilango. Wopereka akhale mmodzi, azichonga pakalendala. Mapiritsi akale otsala, mabokosi otumizidwa ndi abale, Panado wa m'kabati, mankhwala a agogo a BP, mankhwala a thonje ndi a mbewu a m'nkhokwe, zonsezi zichoke pamene angazifike; zosafunika mukazisiye ku famase ya kuchipatala. Ku kiliniki mungapemphe kuti azikupatsani a masabata awiri m'malo mwa miyezi iwiri kapena itatu. Ndipo mpaka kuzandima kutatheratu, asapalase njinga, asakatunge madzi pachitsime yekha, asakhale pafupi ndi mbaula popanda wina pambali.